Sola ya panyumba ya inveta ya 5 kW: bilu imatsikadi, bola ntchito zigwiridwe masana

Zida zimene ndikuunika pano zimagulitsidwa pamodzi: mapanelo 6 a mawati 550 lililonse, inveta (chipangizo chosandutsa mphamvu ya mapanelo ndi ya batire kukhala magetsi ogwiritsa ntchito m'nyumba) ya 5 kW (mawati 5,000) yotha kulandira mphamvu ya dzuwa ndi ya kampani ya magetsi, komanso batire la lithium la 5.12 kWh (1 kWh ndi yunitsi imodzi ya magetsi). Chiziikireni padenga ndi pakhoma, mayunitsi amene ndimagula achepa kwambiri, ndipo sindikayika kuzitamanda kwa banja limene lingathe kusintha nthawi yogwirira ntchito zapakhomo.

Kukawala bwino, mapanelowa amatulutsa mayunitsi apakati pa 12 ndi 15 patsiku, ambiri mwa iwo kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Batire limasunga mayunitsi 5 okha, kotero likadzaza mphamvu yotsalayo imapita padera ngati palibe chimene chikuigwiritsa ntchito, kupatula kumene malamulo amalola kuigulitsa ku kampani ya magetsi. Phindu lonse lagona pa kugwiritsa ntchito mphamvuyi masana. Kusita, kuchapa ndi makina, kupopa madzi ndi kutenthetsa giza (thanki yotenthetsera madzi) ziyenera kuchitika dzuwa lili paliwombo, chifukwa wozisiyira madzulo adzapitiriza kulipira pafupifupi monga kale, ngakhale denga lake litadzaza mapanelo.

Batireli ndi limene landisangalatsa koposa. Munthu angathe kugwiritsa ntchito magawo 80 mpaka 90 pa 100 a mphamvu yake osaliwononga, pamene mabatire akale a asidi safuna kutsitsidwa kupitirira theka. Limayendetsa firiji, mababu, wailesi yakanema ndi intaneti mpaka kucha, koma giza ya 3 kW ingalimalize maola awiri asanakwane, ndipo ogulitsa satchula zimenezi pokhapokha atafunsidwa.

Chodandaulitsa chachikulu ndi chakuti inveta inabwera itatcheredwa kuti iziyamba ndi magetsi a kampani, dzuwa n'kukhala lothandizira chabe, ndipo kabuku kake sikafotokoza momveka mmene angasinthire zimenezi munthu wamba. Imachitanso phokoso ikatentha, choncho si yoyenera pafupi ndi chipinda chogona.

Musanalipire, umirirani kuti mmisiri akwere padenga ndi kuona kumene mithunzi imagwa, popeza mthunzi wa nthambi pa panelo limodzi umafooketsa mzere wonse wolumikizidwa nalo. Asiyenso mpata wopita mphepo pakati pa mapanelo ndi denga, pakuti kutentha kwa panelo kukadutsa madigiri 25, digiri iliyonse yowonjezera imalichotsera pafupifupi 0.35 peresenti ya mphamvu yake.