Ndemanga: Rani Pokhari ku Kathmandu, dziwe lokongola lomwe muonere kunja kwa mpanda

Rani Pokhari tikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Malowa ndi okongola, mbiri yake ndi yozama, ndipo kuona sikulipira ngakhale rupee imodzi. Nyenyezi tachotsayo ndi ya mpanda. Alendo ambiri amadzazindikira atafika kale pachipata kuti dziweli ndi lotchingidwa ndi mpanda wa zitsulo mbali zonse, ndipo mwa mwambo wake chipata chimatsekulidwa pa tsiku la Bhai Tika, lomaliza la chikondwerero cha Chihindu cha Tihar, kamodzi pachaka. Amene wapita ndi maganizo okakhala m'mphepete mwa madzi n'kumapumula amabwerako atakhumudwa. Koma amene wapita akudziwa poima ndi choyang'ana, mphindi 40 zimamukwanira ndipo sanong'oneza bondo.

Dziweli lili pakati pa Kathmandu, likulu la dziko la Nepal, m'malire a mzinda wakale chakum'mawa. Ndi lamakona anayi, mamita pafupifupi 180 mulitali ndi 140 mulifupi, kukula kwake ngati mabwalo a mpira atatu ndi theka. Kumadzulo kwadutsa msewu wa Kantipath, ndipo tsidya lake kuli Durbar High School. Kum'mawa kuli Tri-Chandra College ndi nsanja ya wotchi yotchedwa Ghantaghar. Kumwera ndi Ratna Park, kumpoto ndi dera la Jamal.

Ngati mwagona ku Thamel, dera lomwe alendo ambiri amafikira, yendani wapansi. Tulukirani msewu wa Tridevi Marg, mudutse pa Garden of Dreams, mukhotere kudzanja lamanja pa Kantipath n'kumatsika chakumwera. Pakatha mphindi 15 kapena 20 mpanda uja muuona kudzanja lamanzere. Ochokera ku msika wa Asan adzere ku Bhotahity, ndi pafupi kwambiri. Takisi pano siithandiza. Misewu ina yozungulira dziwe ndi yolowera mbali imodzi, poimika galimoto palibe, ndiye dalaivala amakuzungulitsani kutali kenako n'kukutsitsani pamalo pomwe mukanafika msanga ndi miyendo.

Poima ndiye pagona nkhani. Mukaima pansi, m'mbali mwa msewu, zitsulo za mpanda zimadula chithunzi, ndipo anthu odutsa amakukankhani chifukwa kanjira ka oyenda pansi n'kopanikiza. Kwerani mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa msewu mbali ya Jamal. Pamwambapo ndi pomwe dziwe lonse limaoneka bwino: kachisi pakati, kamlatho kake kochokera kugombe la kumadzulo, ndi Ghantaghar kuseri. Dzuwa nalo muliwerengere. Mukaima kumadzulo m'mawa, dzuwa limakuthobwani m'maso ndipo kachisi amatuluka wakuda pachithunzi. Chithunzi cha kachisi ndi nsanja ya wotchi kumbuyo chimafuna madzulo, cha m'ma 4 koloko kupita kutsogolo, dzuwa lili kumsana kwanu. M'mawa kwambiri, mphepo isanayambe, madzi amakhala bata ndipo chithunzithunzi cha kachisi chimaoneka m'madzimo, koma nthawi imeneyo imani chakumwera kapena chakum'mawa. Foni imalowa bwinobwino pakati pa zitsulo za mpanda. Ingoigwirani zolimba, chifukwa ikagwera mkati simungalowe kukaitola.

Mbali ya kumwera musaidumphe. Kuli chiboliboli cha mwala cha njovu, ndipo pamsana pake pakhala Mfumu Pratap Malla ndi ana ake aamuna awiri. Ambiri amangochijambula n'kupitirira, chikhalirecho chibolibolicho ndicho chasenza nkhani yonse ya dziweli. Pratap Malla analamulira Kathmandu kuyambira 1641 mpaka 1674, ndipo anakumbitsa dziweli mu 1670 pofuna kupepesa mkazi wake pa imfa ya mwana wawo, Chakravartendra Malla, amene mbiri imati anapondedwa ndi njovu. N'chifukwa chake limatchedwa Rani Pokhari, kutanthauza dziwe la mfumukazi. Mfumuyo inatuma anthu kukatunga madzi kumalo opatulika a ku Nepal ndi ku India, monga Gosainkunda, Muktinath, Badrinath ndi Kedarnath, n'kudzawathira m'dziwemo. Kwa Ahindu a mumzindawu, amenewa si madzi wamba, ndipo munthu akamvetsa zimenezi mpanda uja umayamba kumveka, ngakhale umapwetekabe mtima. Pa ngodya zinayi panamangidwanso tiakachisi ting'onoting'ono ta milungu ya Chihindu, Bhairav, Mahalaxmi ndi Ganesh, koma mzinda unakula n'kutimeza. Ta kum'mawa tinatsekeredwa m'mipanda ya nyumba zina, choncho musataye nthawi kufunafuna tonse tinayi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza alendo, ndipo n'chofunika kuchilongosola. Zithunzi zakale, ngakhale zina zogulitsidwa m'mashopu, zimaonetsa kachisi woyera wa denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Mukafika mupeza kachisi wina, wamtali, wosongoka kumwamba. Simunasochere. Kachisiyu, wotchedwa Balgopaleshwar ndi woperekedwa kwa mulungu wa Chihindu Shiva, wamangidwa kangapo. Wa denga lozungulira uja anali wa nthawi ya ulamuliro wa banja la Rana, ndipo anamangidwanso chitachitika chivomezi cha 1934. Chivomezi cha pa 25 Epulo 2015, chomwe chinapha anthu pafupifupi 9,000 m'dzikomo, chinamuwononganso, ndipo pomumanganso anabwerera ku kamangidwe ka nthawi ya Pratap Malla, kotchedwa granthakut. Ena anazolowera denga lozungulira ndipo amalisowa. Ife tikuona kuti chisankhocho chinali cholondola: kachisi wosongokayu akugwirizana ndi njerwa za m'mphepete, ndipo ukamuona uli pamlatho paja amaima bwino pakati pa madzi.

Nkhani ya kukonzanso dziweli ndiyo imatipangitsa kunena kuti malowa ndi oyenera kuwaona, ngakhale kwa munthu amene waona kale akachisi ambirimbiri ku Kathmandu mpaka kutopa nawo. Ntchito inakhazikitsidwa mu Januwale 2016. Khonsolo ya mzinda inaphwetsa madzi n'kuyamba kumanga khoma la konkire kuzungulira dziwe, ndi cholinga chosandutsa malowa kukhala a zisangalalo zamakono. Anthu a mumzindawu ndi akatswiri a zachikhalidwe anakana kwamtuwagalu, ndipo chakumapeto kwa 2017 ochita zionetsero anakhoma loko pachipata kuti ntchito iime. Sikunali kukakamira zakale chabe. Maiwe a m'chigwa cha Kathmandu amasunga madzi chifukwa cha dongo lakuda lomata, la mtundu wa makande, lomwe amaliyala pansi n'kulitsendera, pamwamba pake n'kuika mchenga ndi njerwa. Dongo limeneli limagwira madzi likakhala lonyowa nthawi zonse; likauma limang'ambika, ndipo madzi amathawira m'ming'aluyo. Konkire nayo siyenda limodzi ndi nthaka. Nthaka ikagwedezeka imasweka, ndipo simungaimate ndi manja monga mumachitira ndi dongo. Dziwe linakhala louma kwa zaka, mpaka pansi pake panamera udzu pakati pa likulu la dziko. Mu 2019 boma linapereka ntchitoyo ku bungwe loona za kumanganso dziko pambuyo pa chivomezi. Konkire ija inagumulidwa, kunabwera amisiri a mumzinda wapafupi wa Bhaktapur odziwa kuyala dongo, ambiri mwa iwo amayi, ndipo Pulezidenti Bidya Devi Bhandari anatsekulira dziwelo mu Okutobala 2020. Mukaima pampanda, yang'anani pansi m'mphepete mwa madzi: njerwa zofiira zosanjidwa mizeremizere zikutsikira m'madzi. Ntchito ya manja imene anthu anaimenyera nkhondo ndi imeneyo.

Amene akufunitsitsa kulowa, akonze ulendo wake kuti ugwere pa Bhai Tika, tsiku lomaliza la chikondwerero cha Tihar. Tsikuli limatsata mwezi, ndiye limasuntha chaka ndi chaka, chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Lifufuzeni musanagule tikiti ya ndege. Pa tsikuli alongo amapaka abale awo aamuna chizindikiro cha mitundu isanu ndi iwiri pachipumi, kuwafunira moyo wautali. Amene alibe mlongo, kapena amene mlongo wake anamwalira, ndiwo amabwera ku Balgopaleshwar. Choncho mzere umene muuone pachipata cha kumadzulo si wa alendo ojambula zithunzi; muli anthu amene abwera ndi chisoni mumtima. Lawirirani, chifukwa dzuwa likakwera mzere umatalika kutsata mpanda, ndipo kamlatho kopita kukachisi n'kopapatiza, anthu amayenda pang'onopang'ono. Valani zofika m'maondo ndi zophimba mapewa, nsapato zikhale zosavuta kuvula, ndipo lamba kapena chikwama chachikopa ndi bwino kungozisiya kogona, popeza m'malo ambiri opembedzera a Chihindu zachikopa sizilandiridwa. Musajambule nkhope ya munthu amene akupemphera musanapemphe. Masiku a Tihar usiku dziwe limakongoletsedwa ndi nyali, ndipo ngakhale osalowa amakhala ndi choona.

Zodandaulitsa zilipo, ndipo sitizibisa. Choyamba ndi phokoso. Mbali zonse zinayi ndi misewu yodzaza mabasi, maminibasi ndi njinga zamoto, mahutala osalekeza. Utsi ndi fumbi n'zambiri moti masiki ndi wofunika, makamaka kwa odwala mphumu. Kuwoloka Kantipath pansi n'kuika moyo pachiswe. Gwiritsani ntchito milatho ija, ngakhale masitepe ake ndi otsetsereka ndipo kwa okalamba kapena oyenda pa njinga ya olumala ndi chipsinjo chenicheni. Pokhala palibe, mthunzi ndi wochepa, ndipo kunja kwa mpanda simupeza zolembedwa zokwanira zolongosola zomwe mukuona. Ichi n'chomwe chimatiwawa kwambiri: dziwe la zaka zoposa 350, lomwe nkhani yake ingagwire mtima wa aliyense, koma mlendo wosawerengeratu amangoona madzi ndi kachisi n'kumapita. Pa milatho ndi pokwerera mabasi pa Ratna Park pamakhala chinamtindi cha anthu, ndiye chikwama chikhale kutsogolo. Kuulutsa drone ku Nepal kumafuna chilolezo, musangoitulutsa.

Madzinso saoneka chimodzimodzi chaka chonse. Dziweli silitulutsa madzi ngati mtsinje, ndiye m'miyezi yotentha mvula isanayambe madzi amachepa, amatentha, ndipo ndere zimachuluka mpaka kusanduka obiriwira. Kuyambira Juni mpaka Seputembala ndi nyengo ya mvula: dziwe limadzaza, koma kumwamba kumakhala mitambo. Okutobala ndi Novembala ndiye nthawi yake, madzi ali odzaza, kumwamba kuli mbee, komanso Tihar imagwera momwemo. Disembala mpaka Febuluwale m'mawa kumazizira, pakuti Kathmandu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, ndipo nkhungu yosakanikirana ndi utsi imaphimba chigwa mpaka dzuwa litakwera. M'miyezi imeneyi kulawirira sikupindula kanthu.

Musakonze tsiku lathunthu chifukwa cha Rani Pokhari yokha. Kuzungulira mpanda wonse ndi mamita osapitirira 700. Chanzeru n'kuiphatikiza ndi malo oyandikana nawo: yambani ndi Kathmandu Durbar Square, bwalo la nyumba zachifumu zakale, komwe Pratap Malla yemweyo anasiyako zomanga zambiri, mudutse mumsika wa Indra Chowk ndi Asan, mudzafike padziwe madzulo dzuwa litapendeka. Mukatero mumafika mutaona kale mzinda umene mfumuyo inkalamulira, ndipo dziwelo limakhala ndi tanthauzo. Wolondolera alendo wolipidwa safunikira pa dziwe lokhali, koma ngati mwamulemba kale ganyu ku Durbar Square, gwirizanani naye pachiyambi kuti akafike nanu mpaka kuno, mtengo mumvane musananyamuke.

Kwa mabanja a ana aang'ono, kapena aliyense amene akufuna kukhala pafupi ndi madzi, Siddha Pokhari, dziwe lina la ku Bhaktapur, ndiyo ingamukomere kuposa pano. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 13 kum'mawa kwa Kathmandu, polowera mumzinda wakale wa Bhaktapur, ndipo mbiri imaiika m'zaka za m'ma 1400, nthawi ya Mfumu Yaksha Malla. Kumeneko mumalowa, mumayenda m'mphepete, mumakhala pamasitepe, ndipo nsomba zikuluzikulu zimasonkhana pomwe anthu akuziponyera chakudya. Ana agwireni dzanja, chifukwa masitepe a m'munsi amaterera ndi ndere. Mabasi opita ku Bhaktapur amapezeka chakufupi, mbali ya Bagbazar, ndipo nthawi ya m'mawa ndi madzulo pamene anthu akupita ndi kuweruka kuntchito amachedwa panjira. Tengani ma rupee okwanira m'thumba, chifukwa kulowa mumzinda wakale wa Bhaktapur alendo akunja amalipira pachipata, ndipo tikitiyo muisunge, amaifunsanso mkati.