Chamba chogonetsa cha indica: Hindu Kush, Northern Lights ndi Granddaddy Purple pa kutentha kwa kuchigwa kuno

Chivomerezereni Nyumba ya Malamulo lamulo la Cannabis Regulation Act mu 2020, mayina atatu a mbewu za chamba amamveka pakati pa anthu ofuna chamba chamankhwala chothandiza tulo ndi ululu wa usiku: Hindu Kush, Northern Lights ndi Granddaddy Purple. Zitatu zonsezi amazitsatsa ndi mawu amodzimodzi, akuti ndi indica, gulu la chamba chachifupi chamasamba otambalala, choncho zimagwetsera munthu pamphasa. Tiyeni tiziike pamodzi, tione kumene zinachokera, zimene zili mu utomoni wake, ndi mmene zimachitira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene dzuwa la Okutobala limapyola 40°C. Dziwani pachiyambi pomwe kuti lamuloli linatsegulira okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la boma loona za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Wolima, wosunga kapena wogulitsa popanda chiphaso akadali pamlandu, ndipo kusuta fodya wamkulu mongodzisangalatsa sikunaloledwe.

Hindu Kush ndiye kholo. Ndi mbewu ya makolo ya kumapiri a pakati pa Afghanistan ndi Pakistan, yaifupi, yamasamba otambalala ndi obiriwira kwambiri, ndipo maluwa ake amakhwima pa masabata 7 kapena 8. Alimi a kumeneko sasankha mtengo umodziumodzi ayi, amasefa utomoni wa munda wonse n'kupanga hashish, utomoni wa chamba woumbidwa pamodzi. N'chifukwa chake m'minda yawo mumapezeka mitengo ina ya THC wambiri (mankhwala oledzeretsa a m'chamba), ina ya CBD wambiri (mankhwala ake ena osaledzeretsa), ina ya zonse ziwiri. Koma Hindu Kush ya m'paketi ya makampani a njere inasankhidwa zaka zambiri poyang'ana THC yekha. Ogulitsa amalemba pakati pa 15 ndi 20 peresenti, pamene CBD safika ndi 1 peresenti yomwe. Fungo lake ndi la dothi lonyowa losakanikirana ndi la matabwa onunkhira.

Northern Lights ndi mwana wa mbewu zomwezo za ku Afghanistan. Anaiswanitsa kumpoto chakumadzulo kwa America, ndipo cha m'ma 1985 Nevil Schoenmakers anafika nayo ku Netherlands, komwe njere zake zinayamba kufalikira dziko lonse. Sinali mbewu imodzi, inali mizere ingapo yodziwika ndi manambala, ndipo #5 ndi umene unatchuka. Pa zitatuzi, iyi ndi yachangu (masabata 6 mpaka 8), yosanunkha kwambiri, ndipo mitengo yake imatuluka yofanana kusiyana ndi zinzake. THC wake amamulemba pakati pa 16 ndi 21 peresenti.

Granddaddy Purple ndi yatsopano. Ken Estes anaitulutsa ku California mu 2003, ndipo makolo ake amene amatchulidwa ndi Purple Urkle ndi Big Bud. Imanunkhira ngati mphesa, ngala zake n'zazikulu ndi zothinana, ndipo imachedwa, imatha kudya masabata 8 mpaka 11. THC wake amafika 23 peresenti. Chimene chimakopa anthu ndi mtundu wake wa pepo, koma mtunduwo umachokera ku anthocyanin, yemweyo amene amadetsa khungu la mabiringanya. Anthocyanin sagonetsa munthu, saonjezeranso mphamvu ya mankhwala. Amaonekera bwino usiku ukamazizira, ndipo kuno kuchigwa usiku wotero ndi wa Juni ndi Julayi wokha. Miyezi ina yonse Granddaddy Purple ya ku Ngabu imatha kutuluka yobiriwira, wogula n'kuyamba kukayika. Vuto lina n'lakuti yoyambirirayo inkafalitsidwa ndi nthambi zodula. Njere zogulitsidwa ndi dzina limeneli zimabereka ana osiyanasiyana, monga zimachitikira mukabzalanso chimanga cha haibulidi chimene munakolola chaka chatha.

Tsono kodi chimagonetsacho n'chiyani? Apa ndi pamene zonena za ogulitsa zimasiyana ndi zopezeka mu labotale. Mu 2021 akatswiri a yunivesite ya Dalhousie ku Canada, pamodzi ndi anzawo a ku Netherlands, anayeza zitsanzo zoposa 100 za chamba. Anapeza kuti zolembedwa indica ndi zolembedwa sativa (gulu la chamba chachitali chimene amati chimachangamutsa) sizisiyana kwenikweni pa chibadwa chonse. Kusiyana kunali pa mafuta afungo ochepa chabe, ma terpene: za indica zinali ndi myrcene wambiriko pamodzi ndi guaiol ndi eudesmol. Ndiye kuti chizindikiro cha pa paketi chimakuuzani za fungo kuposa za mmene mugonere.

Myrcene amapezeka mu mbewu zitatu zonsezi. Amapezekanso mu mango, mu lemongrass ndi mu hops wa mowa wa m'botolo. Mbewa za mu labotale zikapatsidwa myrcene wochuluka zimafooka minofu n'kugona nthawi yaitali, koma mulingo umenewo ndi waukulu kuyerekeza ndi umene munthu amaupeza m'maluwa. Mawu ofala akuti myrcene akapyola 0.5 peresenti ndiye kuti chambacho n'chogonetsa alibe kafukufuku wa pa anthu amene amawaikira kumbuyo. Palinso linalool wa mu duwa lonunkhira la lavender, ndi caryophyllene wa mu tsabola wakuda, amene mu 2008 anapezeka kuti amagwira pa CB2, mbali ya thupi yokhudza kutupa, osaledzeretsa. Onsewa angathandizireko, koma wonyamula katundu wamkulu ndi THC, amene Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni anamufotokoza mu 1964. THC amagwira pa CB1, malo omulandirira a mu ubongo, ndipo akachuluka amalemeretsa zikope kaya paketiyo yalembedwa indica kapena sativa.

Pa chibadwa, mfundo yothandiza mlimi ndi iyi. Kuti mtengo utulutse THC kapena CBD zimadalira kwambiri malo amodzi a chibadwa, amene mtengo umalandira theka kwa mayi, theka kwa bambo. Zitatu tikuyerekezazi zonse zinatenga mbali ya THC kwa makolo onse awiri. Mukakwatitsa imodzi mwa izo ndi mbewu ya CBD, ana onse oyamba amakhala ndi THC ndi CBD zonse ziwiri. Anawo mukawakwatitsa okhaokha, pa adzukulu anayi aliwonse mmodzi amakhala wa THC, awiri osakaniza, mmodzi wa CBD. Izi zimagwiranso mobwerera m'mbuyo. Amene ali ndi chiphaso cha chamba cha mafakitale, chimene THC wake sayenera kupyola 1 peresenti, akalola mungu wa Northern Lights kapena wa chamba cha makolo kufika pamunda wake wa njere, mbewu ya chaka chamawa idzalephera poyezedwa. Mungu wa chamba umauluka ndi mphepo mtunda wa makilomita angapo, ndipo chigwa chathu n'chathyathyathya, palibe phiri loutchinga.

Tibwere ku nyengo, pakuti apa ndi pamene zitatuzi zimasiyanirana zenizeni. Mbewu za ku Afghanistan zinazolowera usana wa chilimwe wopyola maola 14, ndipo zimayamba maluwa usana ukafupika. Kuno usana umasewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Kwa mbewu zimenezi, nthawi ina iliyonse kuno ndi nthawi ya maluwa. Zikangokhwima pang'ono zimamasula zikadali zofika m'mawondo, zokolola n'kukhala zochepa, pokhapokha pakhale magetsi otalikitsa usana m'masabata oyamba. Malawi Gold, chamba cha makolo chotchuka ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, alibe vutoli poti anabadwira pa usana wotere. Koma iye ndi wamtali, wochedwa, wa ngala zotayana, ndipo amadziwika ndi kuchangamutsa mutu, osati kugonetsa. Wofuna tulo si wake ameneyu.

Chamba chimakula bwino pakati pa 25 ndi 30°C. Pa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Bangula kapena ku Nchalo, maluwa amatuluka opepuka ndi otalikirana, mitengo ina yaikazi imatulutsa timatumba ta mungu n'kudzibereketsa njere, ndipo myrcene, amene ndi wopepuka, amauluka msanga. Tembenuzani tsamba pa nthawi imeneyi: mukaona timadontho tachikasu pamwamba ndi kaukonde kopyapyala pansi, akangaude ofiira afika. Pa chilala ndi mphepo youma, Hindu Kush imapirirako kuposa zinzake, pakuti kwawo n'kouma. Chimene sinazolowere ndi chinyezi. Mame a m'mawa a pafupi ndi Elephant Marsh, mawawa a chiperoni, ndi mvula ya Januwale zimalowa m'kati mwa ngala yothinana n'kukhala momwemo. Kunja ngala imaoneka bwinobwino, koma mukaing'amba mupeza m'kati mwabulauni, mwafewa, muli chuku chotuwa ngati thonje. Granddaddy Purple ndi imene imavulala kwambiri, chifukwa ngala zake n'zazikulu ndipo imakhalitsa m'munda. Northern Lights imapulumuka kawirikawiri chifukwa chofulumira basi.

Chuku si nkhani ya kuluza ndalama yokha. Mtundu wa Aspergillus umatha kumera m'mapapo mwa munthu amene chitetezo chake chatsika kapena amene anadwalapo TB, ndipo anthu otere ndi ambiri mwa amene amafuna mankhwalawa. Maluwa achuku ngotaya, osati kuwayanikanso. Chimodzimodzi maluwa amene afikiridwa ndi mankhwala opopera thonje monga cypermethrin ndi dimethoate. Thonje sitidya, koma maluwawa amalowa m'thupi.

Pepala la ku labotale muziliwerenga chonchi. M'duwa louma THC wambiri amakhala ngati THCA, amene saledzeretsa mpaka atatenthedwa. Potenthedwa amapepukako, ndiye THCA mumamuchulukitsa ndi 0.877 n'kuonjezera THC amene walembedwa kale. Pepala likati THCA 20 peresenti, THC 1 peresenti, zonse pamodzi ndi 18.5 peresenti, kutanthauza mamiligalamu 185 pa galamu imodzi. Ochita kafukufuku amawerengera mamiligalamu 5 ngati mulingo umodzi, choncho kagalamu kameneko kali ndi milingo 37. Kusiyana kwa 18 ndi 23 peresenti kumene anthu amakanganirana n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa kumwa mamiligalamu 2.5 ndi kumwa 20.

Kasungidwe nakonso kamasintha mankhwala. Kutentha, kuwala ndi mpweya zimaphwanya THC, wina n'kusanduka CBN. M'chipinda cha pafupifupi 20°C chamba chimataya cha m'ma 16 peresenti ya THC wake pa chaka, ndipo pansi pa malata a ku Nsanje chimataya mofulumira kuposa apo. Ena amati CBN ndiye wogonetsa weniweni, koma umboni wa pa anthu ndi wofooka. Botolo lagalasi lotseka bwino, pamdima, pamalo ozizirirapo m'nyumba, chinyezi cha m'kati chili pakati pa 55 ndi 65 peresenti: kupyola apo chuku chimabwera, kutsika apo maluwa amafumbutuka fungo n'kutha.

Pathupi, zitatuzi zimachita zofanana: thupi kulemera, minofu kumasuka, m'kamwa kuuma, maso kufiira, njala, ndi mtima kuthamanga, mwina kuonjezera kugunda ka 20 mpaka 50 pa mphindi. Zokoka ndi mpweya zimayamba pa mphindi zochepa n'kutha pa maola 2 mpaka 4. Mafuta omeza amachedwa, mphindi 30 mpaka maola 2, chifukwa amadzera kuchiwindi kumene THC amasanduka mankhwala ena oledzeretsa otchedwa 11-hydroxy-THC, ndipo amatha kugwira maola 8 kapena kupitirira. Ngozi yofala ndi kuonjezera mulingo woyambawo usanagwire. Wongoyamba kumene, dokotala akamulola, ayambire pa mamiligalamu 2.5 ndipo asabwereze usiku womwewo. THC amatsitsanso kuthamanga kwa magazi munthu akadzuka mwadzidzidzi, ndipo kuno, kumene thukuta limatha madzi m'thupi usiku wonse, chizungulire chimenechi chimagwetsa agogo popita kuchimbudzi. Amwe madzi, ayambe akhala tsonga pabedi asanaimirire.

Za tulo tinene zoona zake. THC amafupikitsa nthawi yodikira tulo, koma amachepetsa gawo la tulo lolota. Akamwedwa usiku uliwonse thupi limazolowera, mulingo umakwera, ndipo posiya munthu amasowa tulo ndi kulota zoopsa kwa masabata angapo. Pa anthu 10 ogwiritsa ntchito chamba, pafupifupi mmodzi amagwidwa nacho chizolowezi, ndipo kwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi pa 6. Kafukufuku wina wa mu 2019, wochitika makamaka m'mizinda ya ku Ulaya, anapeza kuti ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku chamba cha THC wopyola 10 peresenti anali pachiopsezo cha misala pafupifupi kasanu kuposa osachikhudza. Zitatu zathuzi zonse zili pamwamba pa 10. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wachinyamata, wodwala mtima, ndi amene kubanja kwawo kuli matenda amisala, asayandikire. Osaphatikiza ndi kachasu, diazepam, amitriptyline kapena Piriton, pakuti zonsezi zimaonjezera kugonetsa. Rifampicin wa TB amachepetsa THC ndi CBD m'magazi, ndipo CBD amakweza mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, choncho amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali, kuphatikizapo ma ARV, auze achipatala. Wakabaza kapena woyendetsa thirakitala amene wamwa mafuta usiku akhoza kudzuka mutu ukadali wolemera.

Tikati tisankhe, kwa mlimi wa chiphaso wa kuchigwa kuno ife tingaike Northern Lights patsogolo, chifukwa imafulumira, imatuluka yofanana, ndipo ingathe kukhwimira m'miyezi yozizira kutentha kwa Okutobala kusanafike. Hindu Kush ikutsatira, makamaka kumalo ouma otalikirana ndi dambo, ndipo ndi yabwino kwa wofuna kuswanitsa mbewu. Granddaddy Purple tingaisiyire a kumtunda, kumene usiku umazizira, kapena amene ali ndi nyumba yolimiramo yokhala ndi zoziziritsira ndi zochotsa chinyezi. Kwa wodwala, makamaka wachikulire, palibe mwa zitatuzi imene tingayambire. Tingafune mafuta oyezedwa a THC ndi CBD wofanana kuchuluka, amene botolo lake lalemba mamiligalamu a pa mililita imodzi, tsiku loyezera, ndi zotsatira za chuku ndi mankhwala opopera.