Pabalaza papang'ono pawale: laimu, penti yamadzi kapena yamafuta?

Nyumba zambiri za lendi m'matauni mwathumu, kaya ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Chibavi, zimafanana pabalaza: mamita pafupifupi 3.5 mulifupi ndi 4 mulitali, zenera limodzi, ndi khoma la mitundu iwiri, kumunsi buluu kapena bulawuni wa penti yamafuta, kumtunda kirimu wothimbirira ndi fumbi. Munthu akafuna kuti pamalopo pawale ndi kuoneka potakasuka, amathamangira ku hadiweya kukagula penti yoyera. Sikulakwa, koma penti zoyera zilipo zamitundumitundu, ndipo imene ingakuyenereni imadalira khoma limene muli nalo kale.

Tiyambe ndi masamu. Pabalaza pa kukula kumeneku, khoma likakhala lotalika mamita 2.6, makoma onse anayi amakwana masikweya mita 39. Mukachotsera chitseko ndi zenera, patsala 35. Penti yamadzi yabwino, lita imodzi imapaka masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo umodzi, ndiye kupaka kawiri kumafuna malita 7 mpaka 9. Siling'i ndi masikweya mita 14, malita ena atatu. Chitini chimodzi cha malita 5 sichikwana, ndipo mmisiri akakuuzani kuti chikwana, dziwani kuti athiramo madzi ambiri, khoma lidzatuluka mawangamawanga.

Laimu ndiye wotchipa kuposa zonse, ndipo kuyera kwake ndi kofatsa, kosathobwa m'maso. Ubwino wake waukulu ndi wakuti salepheretsa khoma kutulutsa chinyezi, komanso chuku sichikonda kumera pa iye. M'nyumba imene kumunsi kwa khoma kumanyowa dzinja lililonse, laimu amapirira pamene penti ina yonse imatukusira ndi kusupuka. Muviikeni m'madzi usiku wonse, mumusefe pa nsalu, akhale wamadzimadzi ngati mkaka osati ngati phala. Nyowetsani khoma kaye, kenako pakani mopyapyala katatu, kusiya tsiku pakati. Akamapakidwa amaoneka wotuwa ndi wosaphimba kanthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amawonjezera laimu kuti alimbe, akauma n'kung'ambika n'kumagwa zidutswa. Kuyera kumabwera akauma. Valani magolovesi ndipo tetezani maso, chifukwa laimu amaotcha.

Koma pabalaza, laimu ali ndi zovuta zitatu. Mlendo akatsamira khoma amanyamuka ndi msana woyera, ngakhale mutathiramo mchere monga ena amachitira. Sagwira pa khoma lopentedwa kale, amafuna pulasitala kapena njerwa zosapentedwa. Chachitatu n'chakuti tsiku limene mudzafune penti yeniyeni, mudzayenera kupala laimu yense, apo ayi penti yatsopanoyo idzakanganuka limodzi ndi iye. M'nyumba ya eni, chachitatuchi chingakuyambanitseni ndi alandilodi.

Penti yamafuta anthu amaikonda chifukwa imapukutika. Mwana akalemba pakhoma, kansalu konyowa kamachotsa. Ena amaganizanso kuti poti imanyezimira, ndiye kuti pabalaza pawala kwambiri. Sizitero. Kunyezimira kumabweza kuwala malo amodzi, pomwe dzuwa lagunda pamathobwa m'maso, kwina konse kuli mdima womwe uja, ndipo chotupa chilichonse cha pulasitala chimaonekera patali. Yoyera yamtundu umenewu imasanduka yachikasu pakapita nthawi, makamaka malo osafika dzuwa monga kuseri kwa sofa ndi kwa zithunzi. Imafuna kudikira maola 16 mpaka 24 musanapake kachiwiri, fungo lake limakhala masiku m'kachipinda ka zenera limodzi, ndipo imatsekera chinyezi m'khoma mpaka kuchita matuza. Malo ake ndi pachitseko, pamafelemu ndi pazitsulo za pazenera. Pakhoma lonse ayi.

Yotsala ndi penti yamadzi, ndipo kwa anthu ambiri yankho lili pomwepa. Ili pawiri. PVA wamba ndi wotchipa, sanyezimira, amabisa zolakwika za pulasitala ndipo amamwaza kuwala mofanana m'chipinda chonse, koma mukapukuta ndi nsalu yonyowa amasiya chipsera. Ya acrylic yochapika ndi yokwererapo mtengo, koma pafupi ndi switchi ndi pamene ana amagwiragwira imatsukika bwinobwino. Nzeru yabwino ndi kugawa: acrylic pamakoma, PVA wamba ku siling'i kumene sikufika dzanja. Zonsezi zimauma msanga, maola awiri mpaka anayi mukhoza kubwereza. Madzi osungunulira asapose theka la lita pa malita 5, pokhapokha pachitini atalemba zina.

Ntchito yeniyeni ili pa kukonza khoma. Penti yamadzi ikapakidwa mwachindunji pa yamafuta, imaoneka bwino sabata yoyamba, kenako chikhadabo chokha chimaisenda. Kuti mudziwe imene ilipo, nyowetsani kansalu ndi spiriti wa mtundu wa pepo uja, mupukute pakona. Mtundu ukatsalira pa nsalu, ndi yamadzi, mukhoza kupenta mutangotsuka. Ukapanda kutsalira, ndi yamafuta. Pamenepo tsukani ndi sopo waufa kuchotsa mafuta ndi utsi, tsukuluzani, khoma liume, kwechani ndi sandipepala wa nambala 120 mpaka kunyezimira konse kuthe, pukutani fumbi, pakani andakoti (penti yoyalira pansi pa inzake) kamodzi, igone usiku, kenako penti yanu kawiri. Andakotiyo ndi imenenso imaphimba buluu uja kuti asaonekere pansi pa zoyera. Khoma limene mukalisisita ndi chikhatho limasiya ufa m'manja likufuna kupalidwa ndi kupakidwa praima, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire. Pulasitala watsopano mupatseni milungu inayi kuti aume. Ndipo ngati pali chizindikiro cha madzi kumunsi kwa khoma, yang'anani panja kaye: nthawi zambiri ndi madzi a padenga amene amagwera pafupi ndi maziko chifukwa palibe ngalande. Nyengo yabwino yopenta ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula kulibe.

Za mtundu, kuyera kwa mbee ndi kuyera kopita ku kirimu zimasiyana malinga ndi kumene zenera lapenya. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, makamaka nthawi yozizira, choncho zenera loyang'ana kumpoto limalandira kuwala kochuluka ndipo mbee weniweni amathobwa; kuyera kofewa kumakwana. Loyang'ana kumwera limalandira kuwala kozizira, ndipo mtundu wotuwa umene watchuka masiku ano umapangitsa chipinda chotero kuoneka ngati simenti yosapenta. Kumeneko sankhani kuyera kokhala ndi kachikasu pang'ono. Fumbi lofiira la mu Ogasiti ndi Seputembala limaonekeranso msanga pa mbee kusiyana ndi pa kirimu wopepuka. Siling'i yokha ndiyo ikhale mbee nthawi zonse. Mzere wodula khoma pakati uja uchoke, mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka kumwamba, chifukwa mzerewo umafupikitsa khoma m'maso. Ngati mwasakanizitsa mtundu ku shopu m'zitini ziwiri, zithireni m'ndowa imodzi musanayambe, sizifanana ndendende.

Penti imangobweza kuwala kumene kwalowa, ndiye ngati zenera latsekeka, malita onse aja apita pachabe. Makatani olemera a mtundu wakuda okhala ndi kabokosi ka thabwa pamwamba amadya mbali yaikulu ya galasi ngakhale atatsegulidwa. Nsalu yopyapyala yoyera imalowetsa kuwala ndi mpweya masana, koma usiku mukayatsa getsi, wodutsa panja amaona zonse. Mablaindi amatenga malo ochepa, vuto ndi fumbi lokhala pa kachitsulo kalikonse, komanso amakodwa m'zogwirira za zenera ndi m'zitsulo zotchinga akuba. Chopambana ndi njanji ziwiri: yopyapyala kufupi ndi galasi, ndi katani ya mtundu wofanana ndi khoma yotseka usiku. Njanjiyo ikwere mpaka masentimita 10 kapena 15 pansi pa siling'i, ndipo ipitirire zenera ndi masentimita 20 mbali iliyonse, kuti katani ikatsegulidwa izikhala pakhoma osati pagalasi. Zenera la mamita 1.5 likufuna njanji ya mamita 1.9 ndi nsalu ya mamita 3.8 mulifupi kuti ipindike bwino. Chitenje n'chokongola, koma pazenera chimatchinga kuwala ndipo dzuwa limachisukulutsa, chisokereni makushoni. Zitsulo zakuda zija zipakeni penti yamafuta yoyera, ndipo waya wotchinga udzudzu muzimutsuka, chifukwa fumbi lake limatchinga kuwala kuposa mmene ambiri amaganizira.

Pa mipando, kusankha n'kowawa chifukwa sofa ndi ulemu wa pakhomo. Koma werengani. Seti ya mipando ya anthu atatu, awiri ndi mmodzi imadya masikweya mita pafupifupi 4 mwa 14 amene muli nawo. Onjezani tebulo lapakati ndi kabati ya mbale zoonetsa, njira yodutsa ya masentimita 60 kapena 70 isowa, ndipo kawirikawiri sofa yaikuluyo imathera pansi pa zenera, msana wake n'kutchinga galasi. Sofa imodzi ya anthu awiri kapena atatu, yamiyendo yooneka kuti maso aziona pansi pake, pamodzi ndi mipando iwiri yoluka imene amisiri amagulitsa m'mbali mwa misewu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, imakhazika anthu anayi kapena asanu osatseka chipinda. Mipando yolukayi kuwala ndi mphepo zimadutsa m'mipata yake, ndipo ndi yopepuka kutulutsa pakhonde. Pogula, gwedezani mpandowo muone ngati pansi pakugwa kaufa. Ngati katero, wafumbwa kale. Wosafumbwa upakeni vanishi yosasintha mtundu, ndipo muikepo kushoni, chifukwa kukhalapo nthawi yaitali popanda kanthu kumapweteka. Apongozi akabwera ndi gulu, timipando tolowetsana ndi mkeka zimathandiza tsiku limenelo, kusiyana ndi kukhala mopanikizika chaka chonse.

Pansi sitichedwapo. Matailosi owala ndi abwino kuposa zonse ngati nyumba ndi yanu. Ngati ndi ya lendi, mukukongoletsera eni. Simenti yopaka polishi wofiira imameza kuwala, ndipo penti kapena guluu wa matailosi sagwira pa iyo mpaka polishiyo atachotsedwa yense. Kapeti yapulasitiki yowala ndi yotchipa koma imang'ambika pa miyendo ya mipando ndipo imasunga chinyezi pansi pake. Mkeka waukulu wa mtundu wake wachilengedwe pakati pa chipinda umaphimba kufiirako, ndipo posamuka mumangoupinda.

Galasi loyang'anira lalikulu limathandiza likakhala pakhoma loyandikana ndi zenera kapena loyang'anizana nalo, bola zenera lisakhale la kumadzulo, kuopa kuti dzuwa la mu Okutobala lingamakulaseni m'maso madzulo onse. Onaninso chimene galasilo likuonetsa: likaloza pa mulu wa katundu, muluwo usanduka iwiri.

Usiku zonse zimadalira babu. Pa bokosi la babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 6500K ndi loyera mopita ku buluu, limawalitsa koma khoma la kirimu limaoneka lotuwa ndipo nkhope za anthu zimaoneka zodwala. La 2700K kapena 3000K ndi lachikasu, lofatsa, koma pa kirimu wolowerera limadetsa chipinda. La 4000K lili pakati ndipo limagwirizana ndi zoyera zambiri. Babu la mawati 9 limawala mofanana ndi lakale la mawati 60. Limodzi pakati pa siling'i limasiya makona mumdima, choncho onjezani nyale yoimirira pakona yakutali ndi zenera, yolozetsa kuwala kukhoma, ndipo mababu onse awiri akhale a nambala ya K yofanana. Musanapite kokagula, chotsani babu lakale muone ngati ndi lamapini kapena lopotokola, chifukwa nyale zambiri zoimirira zimabwera ndi chogwirira chopotokola pamene cha ku siling'i m'nyumba zakale chimakhala chamapini.