Foni, Switch, Steam kapena PlayStation: gemu yanu ilowere khomo liti ku Japan?

Anzanga amene mumapanga magemu m'timagulu ta anthu atatu kapena asanu, tikamakamba za msika wa ku Japan timakonda kuyamba ndi funso lakuti, "Tikaimasulira m'Chijapanizi, adzaigula?" Ine ndimaona kuti funso loyamba ndi lakuti mukufuna kukawapeza pa chipangizo chanji. Wosewera pa foni ali m'sitima popita kuntchito, bambo wosewera ndi ana ake pa Switch (chosewerera chogwira m'manja cha kampani ya Nintendo), ndi mnyamata wokhala pa kompyuta mpaka usiku, ndi ogula atatu osiyana, ndipo aliyense ali ndi zake zimene amakonda.

Ndiyambe ndi foni, chifukwa ndiko kumene kuli ndalama zambiri, ndiponso ndiko kumene ndikukuchenjezani kwambiri. Puzzle & Dragons ya kampani ya GungHo inatuluka mu 2012, Monster Strike ya Mixi mu 2013, Fate/Grand Order mu 2015, ndipo Uma Musume ya Cygames inabwera mu Febuluwale 2021. Onsewa munthu amayamba kusewera ulere, ndalama amazipezera pa gacha. Dzinali linachokera ku timakina timene timaikidwa m'masitolo: umaponya ndalama yachitsulo, kupukusa chogwirira, kachidole n'kugwa, osadziwiratu kuti katuluka kati. M'gemu, wosewera amalipira kuti ayese mwayi wopeza ngwazi imene mtima wake wakonda. Mu 2012 boma linaletsa mtundu wina wotchedwa kompu gacha, umene unkafuna kuti munthu atolere gulu lonse la zinthu asanalandire mphoto yaikulu, koma gacha wamba anapitirira.

Taonani tsono zimene msika umenewu umafuna kwa wopanga. Masabata angapo alionse pafunika ngwazi yatsopano, yojambulidwa mwaluso, yolankhulidwa ndi katswiri wa mawu wodziwika, pakuti ku Japan olankhula mawu a m'makatuni ali ndi owatsatira awoawo. Pafunika zochitika zapadera pa Chaka Chatsopano, pa tchuthi cha Golden Week, ndi pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa gemuyo. Opikisana nanu akutsatsa pa TV ndi pa zikwangwani za m'masiteshoni a Shinjuku ndi Akihabara. Alendo amene apambana kumeneku alipo, monga Genshin Impact ya miHoYo ya ku China, ndi Blue Archive yopangidwa ku Korea n'kufalitsidwa ndi Yostar. Koma onsewo anabwera atajambula mofanana ndi makatuni a ku Japan, ali ndi mawu a Chijapanizi, ndiponso ali ndi thumba lakuya. Kagulu ka anthu asanu sikangakwanitse mpikisano wotere.

Switch ndi nkhani ina, ndipo apa ndikhalitsapo. Inatuluka pa 3 Malichi 2017, ndipo ku Japan kokha inagulidwa kupitirira 30 miliyoni. Si zodabwitsa kwa amene akudziwa mbiri ya dzikolo. Nyumba zambiri za m'mizinda ndi zazing'ono, TV imodzi ndi ya banja lonse, ndipo maulendo a pa sitima ndi aatali. Kuyambira pa Game Boy ya mu 1989, Ajapani anazolowera chosewerera chogwira m'manja. Monster Hunter Portable 3rd, imene inatuluka pa PSP, chosewerera cha m'manja cha Sony, mu Disembala 2010, inagulidwa kupitirira 4 miliyoni chifukwa anthu anayi ankakhala pamodzi, aliyense ndi kamakina kake, kusaka chilombo chimodzi. Mtima umenewo wosewera mothandizana udakalipo. Ngakhale gemu yowomberana imene inawagwira mtima kwambiri, Splatoon 3, ndi yothirana utoto, mulibe magazi, ndipo inagulidwa 3.45 miliyoni m'masiku atatu oyamba mu Seputembala 2022. Animal Crossing: New Horizons, imene ntchito yake ndi kukongoletsa chilumba, kuwedza ndi kuchezerana, inadutsa 10 miliyoni m'dziko lomwelo.

Mukaonjezera magemu a nkhani zazitali amene mizu yake ndi Dragon Quest ya mu 1986 ndi Final Fantasy ya mu 1987, mukuona kale chimene wogula wa pa Switch amafuna: ngwazi yokhala ndi nkhope yoikumbukira, zinthu zotolera, kukula pang'onopang'ono, ndi gemu yoti ukhoza kuisiya sitima ikafika n'kudzaipitiriza madzulo. Chondilimbitsa mtima n'chakuti zazing'ono nazonso zimapeza malo. Suika Game, yogwetsera zipatso m'bokosi kuti ziphatikizane mpaka zikhale chivwende, inaikidwa pa sitolo ya Nintendo mu Disembala 2021 pa mtengo wa 240 yen. Inakhala phee pafupifupi zaka ziwiri, kenako mu 2023 oulutsa masewera pa YouTube anaitola, ndipo inafalikira dziko lonse.

Vuto la Switch ndi khomo lake. Muyenera kuvomerezedwa ndi Nintendo ngati wopanga, kupeza makina oyesera, kukonza gemu kuti iziyenda bwino pa chipangizo chofooka kuposa kompyuta, ndi kudutsa mayeso awo asanailole kugulitsidwa. Zimenezi zimadya miyezi. Switch 2 inatuluka pa 5 Juni 2025, ndipo ku Japan anaigulitsa mitundu iwiri: ya Chijapanizi chokha pa 49,980 yen, ndi ya zilankhulo zambiri pa 69,980 yen. Uthenga wake kwa ife ndi womveka. Ogula ambiri ali ndi makina olankhula Chijapanizi basi, choncho gemu yopanda Chijapanizi siikuwawerengera.

Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, ili ndi anthu ochepa ku Japan poyerekeza ndi ziwirizi. Kwa zaka zambiri kompyuta inkaonedwa ngati ya kagulu kochepa ka okonda kwambiri. Zinthu zinasintha cha m'ma 2020, pamene oulutsa masewera, makamaka aja otchedwa VTuber, amene amaoneka ngati zithunzi za makatuni, a m'magulu a Hololive ndi Nijisanji, anayamba kusewera Apex Legends ndi Minecraft pamaso pa anthu zikwizikwi. Apex Legends ndi ya ku America, yowomberana, mtundu umene kale tinkauzidwa kuti Ajapani saufuna. Koma ili ndi ngwazi za maina ndi makhalidwe awo, ndipo imaseweredwa anthu atatuatatu mothandizana. Achinyamata ambiri anagula makompyuta chifukwa cha zimene ankaonerazo.

Kwa kagulu kakang'ono, ubwino wa Steam ndi wakuti khomo n'lotsegula. Mumalipira madola 100 pa gemu iliyonse, eni Steam amatenga 30 peresenti ya zimene mwagulitsa, ndipo simufunika chilolezo cha bungwe loona za misinkhu ya osewera. Wogula wa ku Japan akhoza kulipirira m'timasitolo ta konbini timene timatsegula usana ndi usiku. Mukhoza kuika kagawo koyeserera, kumva madandaulo, n'kukonza tsiku lomwelo. Magemu oopsa aafupi amayenda bwino kumeneku chifukwa amakoma kuonerera munthu wina akuchita mantha. The Exit 8, yopangidwa ndi munthu mmodzi, inatuluka mu Novembala 2023: umangoyenda m'njira ya pansi pa siteshoni, kuyang'ana chimene chasintha. Inatchuka kudzera mwa oulutsa omwewo, ndipo kenako inapita pa Switch. Njira imeneyo ndiyo ndikukulangizani: muyambire pa Steam, muone ngati Ajapani akuilandira, ndipo ndalama ndi umboni zimene mwapeza muzitengere ku Nintendo.

PlayStation 5 ndi ya Sony, kampani ya komweko, koma kwawo ikutsalira kutali ndi Switch. Mu Seputembala 2024 mtengo wa makina olowetsa chimbale unakwera kufika pa 79,980 yen. Amene ali nayo ndi okonda magemu akuluakulu a zithunzi zapamwamba. Ghost of Tsushima ya Sucker Punch ya ku America inalandiridwa bwino mu 2020, moti otsogolera ake awiri, Nate Fox ndi Jason Connell, anasankhidwa kukhala akazembe okopa alendo a chilumba cha Tsushima. Ulemu umenewo anaupeza chifukwa chofufuza mozama ndi kugwira ntchito ndi Ajapani eni ake. Ngati gemu yanu ili ndi magazi ambiri, kumbukirani CERO, bungwe loona za misinkhu ya osewera, limene limapereka zilembo A, B, C, D ndi Z. Ngakhale Z, ya azaka 18 kupita m'mwamba, ili ndi malire pa zodula ziwalo za munthu. The Callisto Protocol inalephera kutuluka ku Japan mu 2022 pa chifukwa chimenechi. Za Xbox, chosewerera cha Microsoft, sinditaya nthawi: kuyambira mu 2002 Microsoft yayesetsa, mpaka inalipirira Blue Dragon ya Hironobu Sakaguchi, amene anayambitsa Final Fantasy, mu 2006, koma ogula ake akhala ochepa.

Khomo lililonse limene musankhe, kumasulira ndiko kudzakukwezani kapena kukugwetsani, ndipo ife olankhula Chichewa tiyenera kumvetsa zimenezi msanga kuposa ena. Tikudziwa mmene zimapwetekera m'khutu mwana akanena "iwe" kwa agogo ake. Chijapanizi chili ndi zotere zambiri. Mawu akuti "ine" okha alipo angapo: watashi, boku, ore, ndipo amene ngwazi yanu igwiritse ntchito amauza wosewera msinkhu wake ndi khalidwe lake. Pamene kampani ya 8-4 inamasulira gemu ya Undertale mu 2017, inapatsa ngwazi yotchedwa Sans "ine" wakuti oira, ndipo osewera anakambirana za liwu limodzi limenelo kwa masiku. Makina omasulira sangakusankhireni zimenezi. Samalaninso zilembo: mukasankha font (mtundu wa zilembo) yolakwika, zilembo za kanji zimaoneka m'kalembedwe ka Chitchaina, ndipo Mjapani amazindikira pa chithunzi choyamba kuti palibe mnzake amene anaionapo gemuyo isanatuluke.

Maonekedwe nawonso ndi chilankhulo. Pamene Crash Bandicoot, ngwazi ya gemu ya ku America, ankapita ku Japan mu 1996, Sony inamufewetsa nkhope pa zithunzi zotsatsira n'kumupatsa kavinidwe kake pa TV, ndipo anagulidwa kwambiri pa nthawi imene magemu a azungu, amene amawatcha yōge, ankanyozedwa. Chithunzi cha patsamba lanu logulitsira chionetse nkhope ya ngwazi, chikhale chowala, ndipo chifotokoze momveka zimene munthu akachite m'gemumo.

Pa zotsatsa, musathere mphamvu pa Facebook. Osewera a ku Japan amakambirana pa X ndi YouTube. Lembani poyera, m'Chijapanizi, kuti mukulola anthu kuulutsa gemu yanu ndi kupezerapo ndalama, chifukwa magulu a VTuber sasewera gemu popanda chilolezo cha mwini wake. Pa ziwonetsero ziwiri zodziwika, Tokyo Game Show ya ku Makuhari Messe mu Seputembala ndi yaikulu, koma kagome kanu kakhoza kumira pakati pa makampani akuluakulu. BitSummit ya ku Kyoto, imene inayamba mu 2013, inapangidwira timagulu ngati tathuti, ndipo ofalitsa onga Playism, amene amamasulira ndi kugulitsa magemu a alendo, amayendayenda m'menemo kufunafuna zatsopano. Ngati ndalama ya ulendo ikukwanira chiwonetsero chimodzi chokha, pitani ku Kyoto mutanyamula kagawo koyeserera ka mphindi khumi, kamene Mjapani wakawerenga kale mzere ndi mzere.