Dzanja, Wheeler kapena Fix It Sticks: timange ndi chiti masikuluwu a mfuti?

Malume anga a ku Mufakose mu Harare ananyamulira alenje mfuti m'chigwa cha Zambezi mpaka imvi kumera, ndipo za chida choyezera mphamvu yomangira masikuluwu safuna n'kumva komwe. Amati dzanja limamva lokha. Ndawaonapo akumanga Brno yakale ya .375 H&H: amayamba aona kuti mulibe chipolopolo, n'kuimika mfutiyo mpope kuloza kumwamba kuti chitsulo chikhale bwino m'thabwa, kenako n'kugwira sikuludilaiva ndi zala zitatu zokha. Sikuluwu yakutsogolo ikagwira amaima kaye, n'kuwonjezera pang'ono ngati akutseka mpopi wodontha, ndiye n'kupita kwa yakumbuyo. Sanachitepo nazo manyazi. Komatu mfuti yawoyo inalibe sikopu, galasi loonera patali lomangidwa pamwamba pa mfuti.

Ine ndinatengera njira yawo n'kuipititsa pa timasikuluwu ta mphete zogwira sikopu. Ndinagwira Allen key kumbali yaitali, n'kukoka mpaka mtima kukhala pansi. M'mawa mwake kogudubuza kokulitsira chithunzi kanali gwa, ndipo nditamasula ndinapeza mizere iwiri yolowa m'thupi la sikopu. Thupi lija ndi la aluminiyamu wopyapyala. Opanga ngati Vortex amati mphete zimangidwe pakati pa 15 ndi 18 in-lb (muyezo wa mphamvu yomangira sikuluwu), pafupifupi 2 Nm basi, mphamvu yoti ngakhale mwana wa pulaimale angaipyole. Dzanja la malume linaphunzira kwa zaka, langa linangoonerera.

Anzanga ena amathamangira kukabwereka sipanala yoyezera kwa amakanika a ku Magaba. Musayese, akuluakulu. Zambiri za zimenezo zimayeza ma ft-lb, ndipo 1 ft-lb ndi 12 in-lb. Mukaikapo 18 ndiye kuti mwamanga 216 in-lb, mutu wa sikuluwu uduka musanamve n'komwe kulira kwake.

Zida zenizeni zomwe ndagwiritsapo ndi ziwiri. Wheeler FAT Wrench ili ngati sikuludilaiva yonenepa, mumaitchera nokha paliponse kuyambira 10 mpaka 65 in-lb, ndipo ikafika pomwe mwaika imadumpha n'kulira kuti tha. Ubwino wake ndi umenewo, chida chimodzi chimamanga mphete pa 17, n'kukamanganso masikuluwu akulu apansi, omangira chitsulo cha mfuti ku thabwa. Pamenepotu mpofunika kutchera, chifukwa mfuti ya thabwa nthawi zambiri imafuna 30 mpaka 35, pomwe yokhala ndi aluminiyamu mkati ina imalola 65. Mukapereka 65 pa thabwa lopanda zitsulo zotchinjiriza, mtengo umafinyika, mawa sikuluwu yakhwepanso, inu n'kumangowonjezera mpaka thabwa kung'aluka. Choipa cha Wheeler n'chakuti ndi yaikulu m'chikwama, komanso mukamaliza muyenera kuibwezera pansi penipeni kuti sipuling'i isatope. Ambirife timaiwala.

Fix It Sticks ndi tizitsulo tating'ono tolowa m'thumba la malaya, kalikonse ndi mphamvu yake yokhazikika, monga 15, 25, 45 kapena 65. Palibe chotchera, choncho palibenso cholakwitsa usiku ku msasa ndi tochi pakamwa. Vuto limabwera mfuti yanu ikamafuna nambala imene mulibe, mugulenso kena, ndipo kuno zonsezi n'zoitanitsa kunja ndi madola.

Ine ndikanakhala ndi mfuti imodzi yokha yomwe ndikudziwa manambala ake, ndikanagula tizitsulo tiwiri ta Fix It Sticks n'kuiwalako. Koma poti ndimasamala mfuti za anthu osiyanasiyana, Wheeler ndiye yandipindulira.

Nanga guluu wa mazinga? Loctite yabuluu, 242 kapena 243, kadontho kamodzi pa masikuluwu omangira tsinde la sikopu ku chitsulo cha mfuti, makamaka pa .375 yomwe imagwedeza chilichonse. Yofiira ija ya 271 isiyeni, siimasuka popanda kuiwotcha. Pa mphete sindithira konse, chifukwa guluu akadali wamadzi amatereretsa mazinga, ndiye 17 yanu ija imafinya kuposa mmene chida chikunenera. Mafuta nawonso amachita chimodzimodzi, ndiye pukutani mazinga aume. Pomanga mphete muzidumphadumpha mopingasa, pang'onopang'ono, mpata wa mbali zonse ukhale wofanana.

Thabwa limamwa chinyezi cha dzinja la mu Harare, n'kukauma ndi kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala, ndiye mfuti yomwe munaimanga bwino mu Malichi muiyesenso musananyamuke, n'kuwomberako zipolopolo zitatu pa pepala. Chaka chatha ndinachita zimenezi malume akuonerera. Chida chitalira pa 35, anandilanda mfutiyo, n'kuyesa ndi zala zawo zitatu zija. Sikuluwu sinasunthe. Anangoti, "Mwaona, mphwanga, chagwirizana nane."