Mpikisano wowotcha nyama ku America: vuto lili pa tebulo la oweruza

Abale kumudziko, kuno ku America kuwotcha nyama kuli ndi mipikisano yake, malamulo ake ndi oweruza ochita kuphunzitsidwa. Bungwe lotchuka ndi Kansas City Barbeque Society, mwachidule KCBS. Musaganize za kanyenya wathu wa pa makala oyaka ngwee. Kuno nyama imapsa ndi utsi, pa moto wochepa, ina usiku wonse.

Gulu lililonse limaphika nyama zinayi: nkhuku, nthiti za nkhumba, phewa la nkhumba ndi chidali cha ng'ombe. Nyama imayamba yayenderedwa ili yaiwisi, yosathira zokometsera, yozizira madigiri 4 kapena kucheperapo. Moto ndi wa nkhuni kapena makala. Gasi ndi magetsi saloledwa pophika nyama. Nthawi zambiri nkhuku imaperekedwa 12 koloko masana, nthiti 12:30, phewa 1 koloko, chidali 1:30, ndipo khomo limatseguka mphindi 5 nthawi isanakwane, n'kutsekeka mphindi 5 itapitirira. Wochedwa zake zada.

Malamulo amenewa savuta kulondoloza, poti wotchi ndi maso zimagwira wolakwa. M'bokosi loperekeramo nyama mukapezeka kamtengo kotokosera m'mano, kapepala ka foyilo, kapena msuzi utachita chithaphwi, oweruza onse amalemba 1, malikisi a chilango. Nambala ya bokosi imasinthidwa kuti woweruza asadziwe mwini nyama.

Povuta ndi pa lilime. Tebulo limakhala ndi oweruza 6, aliyense amapereka malikisi kuyambira 2 mpaka 9 pa maonekedwe, kukoma ndi kufewa. Kukoma amachulukitsa ndi 2.2972, kufewa ndi 1.1428, maonekedwe ndi 0.56. Woweruza amene wapereka zotsikitsitsa amachotsedwa pa chiwerengero, kotero pamwamba penipeni ndi 180. Izi zimateteza wophika kwa woweruza mmodzi wouma manja. Nanga akakhala atatu pa tebulo limodzi? Ophika amalitcha tebulo la imfa, ndipo lina la oweruza opatsa amalitcha la angelo. Chidali chimodzimodzicho chikhoza kupambana apa n'kugwa apo, pomwe opambana amasiyana ndi kachigawo chabe ka malikisi. Munthu wagula nyama yodula, wachezera moto usiku wonse, zimawawa.

Gwero lake n'lakuti oweruza sayambira pamodzi. Wina amati nyama yabwinobwino ndi 6, wina mumtima mwake amayambira pa 9 n'kumatsika. Enanso amaweruza ndi zokonda zawo. Nthiti yoyoyoka pa fupa ambiri amaikonda, koma pa mpikisano ndiye kuti yapsa kwambiri. Yoyenera ndi yoti ukaluma, pongolumidwapo ndi pomwe pachoke. Mzere wofiirira wa m'mphepete mwa nyama nawo suyenera kuwerengedwa, chifukwa mchere wosungira nyama umatha kuutulutsa popanda utsi.

Kusakaniza oweruza atsopano ndi akale kumathandiza, komanso kuonetsetsa kuti nyama zinayi za gulu limodzi zapita pa matebulo osiyana. Koma chofunika kwambiri, m'kuona kwanga, n'kusunga mbiri ya malikisi a woweruza aliyense, kuti ouma manja amwazidwe m'matebulo onse, ndipo amene amatalikirana ndi anzake nthawi zonse abwerere ku maphunziro. Kakhadi komwe woweruza amalembapo chifukwa cha malikisi ake kakhale kofunika: wopereka 5 kapena kutsikirapo azilemba ngati unali mchere, utsi wowawa kapena kuuma.