Olympus IPLEX G Lite poyendera mabuledi a kompresa ya PT6A

Borescope imeneyi (kamera yoonera m'kati mwa injini osaimasula) imabwera ndi kachingwe ka kamera konenepa mamilimita 4 kapena 6, ndipo nsonga yake mumaipinda ndi chala chimodzi. Pa injini yaing'ono ngati PT6A-114A ya ndege ya Cessna Caravan, gulani ka 4. Ka 6 kamawalitsa bwino, koma kamavuta kukhota m'malo opanikizika.

Kompresa ya injiniyi (gawo lopanikiza mpweya) ili ndi masiteji (mizere) atatu a mabuledi kenako impeller (gudumu lokankhira mpweya m'mbali), ndipo mpweya umalowera kumbuyo. Dikirani injini izizire, tsukani kompresa, chotsani sefa ya polowera mpweya, ndiye muzizunguza rotor (gawo lozungulira lokhala ndi mabuledi) pang'onopang'ono ndi dzanja, buledi imodzi imodzi. Musanyozere kutsukako, chifukwa mzere wa litsiro pa sikirini umaoneka ndendende ngati mng'alu.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti chithunzi chimalekanitsa bwino mitundu ya zilonda. Kamwala kapena kabawuti kamabenthula m'mphepete mwa kutsogolo n'kusiya bala lakuthwa lonyezimira. Fumbi la m'mabwalo a ndege opanda tala limadya mabuledi onse mofanana, amapyapyala makamaka chakunsonga. Mchere umasiya timaenje ta dzimbiri, pamene nsonga ya buledi yokhula khoma imapalika n'kusintha mtundu. Choopsa ndi bala la pafupi ndi tsinde la buledi. Rotor imazungulira pafupifupi ka 37,500 pa mphindi, ndiye kabala kochepa pamenepo kamabala mng'alu womakula ulendo uliwonse mpaka buledi kuthyoka.

Pofooka pake mpakuti kuona si kuyeza. Popanda nsonga ya kamera yoyezera, kuya kwa bala mungoyerekeza, chonsecho buku la Pratt & Whitney Canada, opanga injiniyi, limanena malire enieni a bala loti n'kusalaza ndi loti injini itsike. Mng'alu wongoyamba kumene sungaoneke pa kamera. Umafuna mankhwala a fluorescent penetrant, olowa mu mng'alu n'kuuwalitsa. Masiteji a m'kati nawonso simuwaona onse.

Musanalowetse kamera onani kaye manambala a trend, osonyeza mmene injini yakhala ikugwirira ntchito. ITT (kutentha kwa pakati pa matabaini), mafuta ogwiritsidwa ntchito ndi Ng (liwiro la rotor ya kompresa) zikakwera pamodzi, kayikirani kompresa kapena bleed valve (valuvu yotulutsa mpweya wina mu kompresa). ITT ikakwera Ng n'kutsika, vuto lili kumbali yotentha (komwe mafuta amayaka), ndipo kamera ilowere pabowo la fuel nozzle (kopoperera mafuta).

Mtengo wa borescope imeneyi ndi wowawa. Kwa hang'ala yosamala ndege zingapo ikuyenera. Mwini ndege imodzi angobwereka kapena kuitana woyendera amene ali nayo kale.